Nsungwi ya Mkamwini

Sheffield, 14 Epulo 2024

Mng'ono wanga Edwina,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi ana. Ine ndinafika Lachiwiri, ndipo ndikhala kuno mpaka pa 5 Okutobala. Monga chaka chatha, ndizilemba papepala, mwana wanga Temwa azijambula ndi foni n'kutumiza kwa mwana wako Sunday. Mayankho Sunday azitumiza pa foni yanga. Kuwerenga ndimatha, kujambula ndiye manja amanjenjemera.

Akuti chisanu chatha, koma ndavala majuzi awiri. Temwa akadali namwino, amalowa ndi kutuluka ngati mlendo m'nyumba yake yomwe. Mdzukulu wako Tiya watalika. Chichewa amamva chonse, kuyankha ndiye amayankha m'Chingerezi.

A Mubita, amuna a Temwa, akugwirabe kunyumba yosamalira okalamba. Chaka chino ndi cha khumi ndi chimodzi chikwatirire mwana wanga, ndipo sitinayang'anizanepo m'maso. Nyumba ndi yopapatiza, masitepe ndi amodzi okha. Akafuna kutsika amayamba akhosomola kawiri pamwamba, ndipo ndikakhala ndili pakati amabwerera. Akafuna kudziwa ngati ndamwa tiyi amafunsa Temwa, ine ndili pomwepo. Temwa amaseka, amati kuno zimenezi n'zachikale. Ine sindinawauze kuti azichita, komanso sindinawauze kuti asiye. Ulemu subwezedwa.

Ukukumbukira vani ija ndinakuuza, yonyamulira buledi, yomwe anaisandutsa kanyumba koyenda? Anthu a kuno amasiya nyumba zabwinobwino n'kukagona m'galimoto m'mbali mwa nyanja, amati n'kupuma. Chaka chatha ananditengera ku Whitby. Mkati mwake, kuchoka pansi kufika kudenga ndi masentimita 140. Ine ndine wa 178, paja msinkhu tinatengera bambo. Masiku awiri ndinayenda chowerama ngati ndikupalira, chitenje ndinamanga nditagwada. Titabwerako ndinauza Temwa kuti sindidzakweranso. Sindinadziwe kuti a Mubita anali kuseri kwa chitseko, akudikira kuti ndidutse.

Ndamva kuti anafuna kudula denga la vaniyo n'kuikapo lina lotukuka ngati chivundikiro cha sutikesi, lansalu m'mbali. Kudula denga losadontha m'dziko logwa mvula chaka chonse. Mwamwayi Temwa akuti azisiya, ndalama zachepa, ndipo galimotoyo yangokhala ku garaja kwa mnzawo wa kutchalitchi.

Msana sunasiye kupweteka chibwerere ku ulendo umenewo. Temwa walipira kuti akandijambule mkati ndi makina pa 2 Meyi. Ndidzakuuza zotsatira.

Chimanga chacha bwanji? Mbuzi yanga yaswa? Undiuze zonse, osati zosankha.

Mkulu wako,
Phyllis

Linthipe, 21 Epulo 2024

Achemwali,

Zikomo kalata. Sunday anandikulitsira zilembo ndi zala zake mpaka ndinawerenga ndekha. Kuno tadzuka, kupatula bondo lakumanzere lomwe limadzuka mochedwa. Chimanga chinapsa ndi dzuwa, tipeza pang'ono. Mbuzi yanu yaswa awiri, wina ndi wakuba ngati mayi ake.

Dziko ndi losiyana, Achemwali. Inu muli ndi mkamwini wofuna kuboola denga, ine ndili ndi denga lodziboola lokha. Malata atatu a kuchipinda adyeka ndi dzimbiri, ndikagona ndimaona nyenyezi osatuluka panja. Akadzadula lakelo asataye, anditumizire. Koma kunena zoona, ngati Temwa angakwanitse ya malata atatu ndi misomali, mumuuze mwa nzeru zanu, osati ngati ndapempha.

Tsopano za a Mubita. Zaka khumi ndi chimodzi? Amayi anamasula malemu a Gama anga mwana wathu woyamba atangoyamba kukwawa. Anawaphera nkhuku, anadya mbale imodzi, ndipo kuchokera tsiku limenelo ankakanganirana fodya ngati ana. Inu mdzukulu wafika poti akhoza kuphika, munthu akukhosomolabe pa masitepe. Tsiku lina adzadwala chifuwa chenicheni, inu mudzati ndi ulemu.

Msanawo muupake mafuta aja onunkha, makina asakupusitseni. Tiya mumuuze kuti agogo aang'ono akuti ayankhe m'Chichewa, lilime silithyoka.

Ine wanu,
Edwina

Sheffield, 19 Meyi 2024

Edwina,

Moni. Iyi sindimupatsa Temwa kuti ajambule. Ndaigulira sitampa ndekha, ndikaiponya m'bokosi la positi la pakona. Uwerenge uli wekha.

Ndilemba mwadongosolo, monga ndinkaphunzitsira ana samu: zopatsidwa poyamba, yankho pamapeto.

Choyamba. Anandijambula pa 2 Meyi. Zotsatira zinapita pa foni ya Temwa chifukwa ndiye analipira. Nditafunsa anati, "Palibe choopsa amayi, ndi ukalamba chabe." Ananena akumanga nsapato, osandiyang'ana, n'kuthamangira thiramu, kasitima ka m'tauni. Iwe ndi ine mawu amenewa tikuwadziwa. Ndi omwe tonse tinawauza amayi tikutuluka nawo m'chipatala. Kwathu wodwala ndiye amamva pomalizira.

Chachiwiri. Ndikalowa m'khitchini, iye ndi amuna ake amasiya nkhani pakati.

Chachitatu. Loweruka pa 11 Meyi masana ndinagona chagada pa kapeti m'chipinda chochezera, paja pansi polimba ndi pomwe msana umamvako bwino. Ndinatseka maso koma tulo panalibe. Ndinamva chitseko chikutseguka. Kukhosomola kunalibe. Ndinasuzumira ndi kachikope. A Mubita anali atagwada pakhomo, kumapazi kwanga, osalowa. M'manja anali ndi nsungwi yaitali, imodzi mwa zomwe amazika kuseri kuti nyemba ziziyangapo. Anaikankha pang'onopang'ono pa kapeti m'mbali mwanga mpaka nsonga inalingana ndi mutu. Analemba ndi pensulo pomwe panali chidendene, anaikoka, anatseka chitseko.

Edwina, ine ndaonapo bango likuyenda m'mbali mwa munthu kanayi: kwa bambo, kwa amayi, kwa a Gama ako, ndi kwa bambo a Temwa. Palibe mmodzi anadzuka. Bango likachoka pamenepo limapita kwa okumba manda ndi kwa kalipentala.

Chachinayi. Lolemba onse atachoka ndinalowa m'kashedi, kanyumba ka zipangizo ka kuseri, ndi tepi yanga yosokera. Nsungwi ija aidula. Ndi masentimita 180, kusonyeza kuti anawonjezera awiri kapena ndinatambasula zala. Pambali pake pali bokosi la matabwa, mulitali 190, mulifupi 60, chivundikiro cha mahinjesi, mkati mwakutidwa ndi nsalu yotuwa. Ntchito yaukhondo, sindinganyoze. Ngodya zonse n'zowongoka. Chokhacho chomwe sindinamvetse n'chakuti mbali imodzi, kumunsi, adulapo malo okhota ngati theka la mwezi. Mwina ndi mmene a ndege amafunira.

Yankho ukuliona wekha.

Sindikuwakwiyira. Kunyamula mtembo kuchoka kuno ndi ndalama yomangira nyumba. Mwana wa eni wayamba kukonzekera mwakachetechete, ndi manja ake, pofuna kuti mkazi wake asadzapemphetse pa anthu. Mkamwini wotere sapezeka kawiri.

Tsono umve. Mudzandiike pafupi ndi amayi, kumbali ya mtengo wa muwanga. Yunifomu ya Mvano ili m'sutikesi ya pansi pa bedi, mpango uchape kaye. Makina osokera ndi a mkazi wa Sunday. Mabuku apite kusukulu, osati kokulungira mandasi. Mbuzi ndi zako, pamodzi ndi wakubayo.

Usamuuze Temwa kuti ndadziwa. Akuyesetsa kundisungira mtima, nane ndimusungire wake.

Mkulu wako,
Phyllis

Linthipe, 2 Juni 2024

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Mwakhala chete mwezi wonse, kodi Chingerezi chakumezani? Ife tili bwino. Malata afika, Sunday wakhoma, nyenyezi ndasiyana nazo. Mumuthokoze Temwa, ndipo nanunso zikomo, ndikudziwa amene anakankha.

Za msana simunandiuze. Ndaona kuti ndi nkhani yabwino, chifukwa zoipa sizichedwa panjira.

Temwa anandiimbira Lamulungu. Anafunsa kuti kodi amayi amakonda nsalu ya mtundu wanji. Ndinati yobiriwira, ngati ija munavala pa ukwati wake mpaka anthu kumayesa mkwatibwi ndinu. Anati ndisakuuzeni, ndiye ndakuuzani, paja ine chinsinsi chimandiyabwa ngati chitedze. Mukalandira muchite ngati mwadabwa. Ndikuganiza ndi za pa 13 Julayi, zaka makumi asanu ndi awiri si masewera. Ngati ndi diresi, yakaleyo musaitaye, ine ndikhoza kuipinda m'munsi.

Lembani, Achemwali. Kukhala chete sikukuyenerani.

Edwina

Sheffield, 9 Juni 2024

Edwina,

Moni kwa iwe ndi ana. Yako ya pa 2 ndaiwerenga. Ndikuona kuti yanga ya pa positi sinafike, kapena yafika ndipo nawenso walowa m'gulu la ondisungira mtima. Iyinso ndiponya pa positi.

Nsalu yobiriwira yafika Lachinayi. Mamita anayi. Temwa anaibisa pamwamba pa kabati, kuiwala kuti m'nyumba muno wamtali ndine. Si ya diresi, ndi yokhuthala. Ndi yokongola ndithu, wasankha bwino.

Ndaganiza. Mayi Mwangala a kutchalitchi andithandiza kusintha tikiti, kuchoka pa 5 Okutobala kubwera pa 6 Julayi. Ndinawauza kuti ndasowa kwathu, ndipo si bodza. Pa ndege, wokhala pampando amalipira pang'ono kuposa wogona m'bokosi. Ndibwera ndi miyendo yanga zikadatheka, ana asalowe m'mavuto chifukwa cha ine. Ndidzawauza kutatsala masiku awiri kuti asapeze nthawi yondiletsa. Sunday adzandichingamire.

A Mubita masiku opuma onse sakhala pakhomo. Amabwera zala zili zochekekachekeka, m'tsitsi muli fumbi lonyezimira, aonda. Sindingafunse. Ndimangowasiyira chakudya mu uvuni, mbale ndimaipeza yotsuka. Bokosi lija lachoka m'kashedi.

Tiya ndikumuphunzitsa kuchulukitsa. Pa seveni wadutsa, pa eyiti akupunthwa. Ndikufuna ndimusiye atafika pa thwelofu. Dzulo anandifunsa chifukwa chake ndikumuthamangitsa, ndinati agogo ako ndi mphunzitsi, sadziwa kusewera.

Imfa sindikuiopa kwenikweni, Edwina. Chikundipweteka n'chakuti ndichoka ndisanamuuze munthu uyu zikomo ndi pakamwa panga. Unanena zoona za nkhuku. Ndinkati nthawi ilipo.

Phyllis

Linthipe, 26 Juni 2024

Temwa,

Ndine mayi ako aang'ono. Moni ndikukupatsa chifukwa ndi mwambo basi.

Lero Sunday wabwera ndi kalata kuchoka ku positi. Amayi ako anailemba pa 19 Meyi, yayenda masabata asanu, ine kuno ndikuwalembera za madiresi. Anati ndisakuuze. Ndikukutumizira yonse, masamba atatu, uwerenge wekha.

Ngati Achemwali akufa, undiuze lero, dzuwa lisanalowe. Ine si mwana. Tinayamwa bere limodzi, sungandibisire ngati munthu wapanjira.

Ngati sakufa, uwafunse amuna ako chomwe ankafuna ndi nsungwi m'mbali mwa munthu wopuma. Uwafunsenso za bokosi. Ndipo iwe udzifunse ngati mayi wokubala amayankhidwa nkhani ya m'chipatala munthu akumanga nsapato.

Ndinalira mokweza, anthu anamva. Amalume ako atuma kale anyamata kukatema nkhuni. Yankha msanga, mudzi usanayambe kukonola.

Edwina

Sheffield, 27 Juni 2024

Amayi,

Ndine Mubita. Ndagwada polemba. Mukhululuke Chinyanja changa cha ku Lusaka. Temwa anakuimbirani dzulo koma analira kwambiri, akuti simunamvane, ndiye ndati ndilembe ine wolakwa.

Amayi ake a Temwa sakufa. Adokotala anapeza kuti timafupa tiwiri ta msana taperepeseka ndi zaka. Akufunika mankhwala, kuyenda, ndi kusawerama. Mawu akuti kusawerama ndi omwe anandilimbitsa mtima.

Denga lija sindinalisiye. Tinawanamiza pofuna kuti tidzawadabwitse pa tsiku lawo lobadwa. Chaka chatha ndinawaona akutuluka m'vani atapindika, akugwira chitseko, ndinachita manyazi. Munthu woongoka ngati uja kumupinda ine.

Denga lotukuka silikwera mofanana. Mahinjesi ali kumbuyo, ndiye limakwera kwambiri kutsogolo, kumbuyo limatsika. Ndisanadule chitsulo ndinayenera kudziwa pomwe mutu wawo udzafike, kuti chitofu ndi pochapira ndiike pomwe angaime bwinobwino. Chitsulo ukadula sichibwerera. Temwa anati amayi ndi aatali basi, nambala sakuidziwa. Kuwafunsa sindikanatha. Kuwayandikira ndi tepi sindikanathanso, kwathu mkamwini safika pafupi chotero. Nditawaona atagona mowongoka ndinati nsungwi ifika pomwe ine sindingafike. Ndinadziona wochenjera.

Ine ndinakulira m'tauni, Amayi. Bokosi la maliro timakagula lopanga kale. Za bango ndazimva dzulo.

Bokosi la m'kashedi ndi bedi lawo. Masana ndi mpando, mkati mosunga zofunda. Nsalu yobiriwira ndi makatani.

Dzulo Temwa anasindikiza pepala la adokotala n'kuwawerengera lonse atakhala pansi. Amayi anawerenganso okha kawiri. Kenako anati, "Nafenso amayi athu tinawaonetsa pepala." Tapeza sutikesi yomanga kale ndi tikiti ya pa 6 Julayi. Akuti sasintha. Sakukalipa, akungotiyang'ana mwachifundo, ndipo n'zomwe zikuwawa.

Denga ndadula kale, m'mphepete ndapaka penti ya dzimbiri, felemu yachitsulo ndamanga chifukwa ukachotsa nthiti za denga galimoto imafooka. Kwatsala kukweza chivundikiro, kumanga timikono totukulira, ndi kukoka nsalu ya m'mbali. Ndapempha tchuthi kuntchito.

Ndikupempha inu muwalankhule m'malo mwanga. Inu amakumverani.

Mwana wanu,
Mubita

Linthipe, 28 Juni 2024

A Mubita,

Ndamva, ndipo nkhuni ndaletsa. Koma mawu anu ine sindinyamula. Mawu odutsa mwa Temwa, mwa ine, mwa nsungwi, ndi omwe atifikitsa pano. Achemwali samvera ine, sanandimverepo chibadwire. Amamvera chinthu chomwe ayeza okha. Malizani galimoto yanuyo, mukaiimike pakhomo, mutsegule pakamwa. Simufa.

Edwina

Sheffield, 15 Julayi 2024

Mng'ono wanga Edwina,

Moni kwa iwe, kwa Sunday ndi mkazi wake, ndi kwa alongo athu a nkhuni. Iyi ajambula ndi Temwa. Yanga yachiwiri ya pa positi ikafika, uyatsire moto.

Chinsinsi changa unachisunga maola angati? Ndikanakudzudzula, koma ndilibe mphamvu.

Ndikuuze mmene zinayendera. Lachinayi pa 4, kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke, ndinali kupinda majuzi. Belu la pakhomo linalira. Temwa anati, "Amayi, ndi mlendo wanu." Nditatsegula ndinapeza a Mubita atagwada pa simenti, panja, mzungu wa nyumba yoyandikana akuthirira maluwa ake n'kumayang'ana. Kumbuyo kwawo kunali vani.

Anakhosomola kawiri. Kenako anati, "Amayi, ndalakwa. Ndikupempha mukwere."

Aka kanali koyamba kumva mawu awo akubwera kwa ine osakhota. Ndi aakulu kuposa mmene ndinkaganizira.

Ndinati, "Ndinanena kuti sindidzakweranso."

Anati, "Ndinamva, Amayi. Ndinali kuseri kwa chitseko."

"Mumamva zambiri kuseri kwa zitseko."

"Ndi komwe ndimakhala, Amayi."

Temwa anaseka akulira. Ine ndinakwera, chowerama monga kale, n'kukhala pa mpando wautali wa m'mbali. Nditagwira m'mphepete ndinauzindikira. Linali bokosi langa, ataliika khushoni pamwamba. Ndinatsika, ndinagwada, ndinasuzumira kumunsi. Malo okhota aja, theka la mwezi lija, anali atakumbatira chitsulo chophimba tayala, osasiya mpata ngakhale wolowa chala.

Edwina, pepala la adokotala munthu akhoza kulikonza. Misozi ya mwana ikhoza kutanthauza ziwiri. Koma palibe amene amadulira bokosi la maliro malo a tayala. Ndinakhala pansi pomwepo nthawi ndithu. Masabata asanu ndi awiri ndakhala ndikutsanzikana ndi chilichonse, ndi ketulo yemwe, ndiye kubwerera sikuchitika kamodzi.

A Mubita anadikira panja. Kenako anati, "Ndilowe, Amayi?"

Ndinati, "Galimoto ndi yanu."

Analowa chammbali, anamasula malamba awiri pamwamba pa mipando ya kutsogolo, anakankha ndi dzanja limodzi. Denga linanyamuka lokha, mofatsa, likupuma ngati ng'ombe. Nsalu ya m'mbali inatambasuka n'kukungika. Ili ndi mazenera atatu a sefa, ndipo kuwala kunalowa kuchokera pamwamba ngati m'tchalitchi. M'munsi makatani obiriwira. Mpendero wake ndi wokhota, wasoka ndi Temwa, ndidzaukonza.

Anati, "Imani apa, Amayi, pa chitofu."

Ndinaima pang'onopang'ono, mutu uli pansi, kudikira kugunda. Sindinagunde. Ndinaongola khosi. Ndinachita kukweza dzanja kuti ndikhudze denga.

Ndinati, "Nsungwi ija ili kuti?"

Nkhope yawo inagwa. Anati anafuna kuitentha. Ndinati abwere nayo. Ataibweretsa ndinaiimika pambali panga, nsonga pansi, n'kuwapatsa tepi yanga yosokera.

Ndinati, "A Mubita, munthu wamoyo amayezedwa ataimirira. Yezani."

Anayang'ana Temwa. Ndinati, "Temwa sakuyezerani kanthu. Yandikirani, sindiluma."

Anandiyeza. Ndi 176. Zaka zandidyera masentimita awiri osandiuza. Kuchoka pamutu kufika kudenga ndi 24. Ndinawauza kuti akanafunsa akanapulumutsa anayi, anati ulendo wina adzafunsa. Ndinati ulendo wina wa nsungwi ine sindidzayankha. Temwa anati, "Amayi," koma a Mubita anaseka, ndipo ndinaona kuti ali ndi mpata pakati pa mano. Zaka khumi ndi chimodzi sindinkadziwa.

Tsiku lomwelo ndinakwera basi kupita ku shopu ya Asilamu komwe amagulitsa nkhuku zolimba, zija zofuna maola awiri pamoto. Ndinaphika ndekha. Ndinaika mbale imodzi pakati pa ine ndi iwo, Temwa ndi Tiya ndinawapatsa zawo. Nthutumba ndinawapatsa iwo. Anadya atayang'ana pansi mpaka ndinawafunsa ngati pansipo pali wina amene akumudziwa. Ndiye ndinanena zikomo uja. Sindinanene bwino monga ndinakonzera, koma anamva.

Tikiti yabwerera pa 5 Okutobala. Kusintha kawiri kwadya ndalama, ndiye chaka chino denga lako lisadonthenso.

Pa 13 tinali ku Whitby. Pamwamba, pansi pa denga lotukukalo, pali bedi lina. Ndinafunsa kuti agonapo ndani. A Mubita anati Temwa ndi Tiya, iwo abweretsa katenti. Ndinati nkhuku tadya kale. Anati, "Nkhuku inatsegula pakamwa, Amayi, koma kugona pamwamba pa mutu wanu ifunika ng'ombe." Anagona panja, mvula inagwa, m'mawa anali kukhosomola. Ndinatuluka kukawafunsa ngati chinali cha ulemu kapena chenicheni. Chinali chenicheni. Ndawapaka mafuta ako onunkha aja.

M'vani simunadonthe. Ndinayendetsa chala m'mphepete monse, mouma. M'mawa umenewo ndinaphika tiyi nditaimirira, ndipo chitenje ndinamanga nditaimirira, ndikuona nyanja pa zenera la sefa. Tiya ali pamwamba anandiuza eyiti kuchulukitsa ndi eyiti osafunsidwa. Ndamuuza kuti za thwelofu tichita chaka chamawa.

Nkhuni zija alongo athu asamwaze. Muphikire thobwa mu Okutobala, ndidzamwa ndekha. Yunifomu ya Mvano uchape ndithu, ndidzaivala. Mbuzi zabwerera kwa mwini wake. Undiuze ngati wakuba uja akadali moyo.

Nsungwi ndaibweza kudimba. Nyemba zayamba kuyangapo. Lachitatu zinali pa bondo langa, lero zapitirira m'chiuno. Ndimaziyeza m'mawa uliwonse, nditaima pambali pake.

Mkulu wako,
Phyllis